Wolumala Akakanidwa Thandizo la Boma ku South Africa

Abale athu ambiri ali ku Joni, ndipo ena mwa iwo alumala pangozi kapena pamatenda. Aphunzitsi ndi akalaliki a Boma, amene amawerengera anthu makalata kumudzi, ayenera kudziwa chimene lamulo la dziko limenelo linena.

Monga mwa lamulo la 2004, bungwe la SASSA limapatsa wolumala ndalama mwezi ndi mwezi. Wopempha akhale wa zaka 18 kufikira 59, ndiponso akhale nzika, wothawa nkhondo wovomerezeka, kapena mlendo wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Khomo la alendo okhazikikawa linatseguka mu 2004, pamene anthu ochokera ku Mozambique anapambana mlandu wa Khosa m'bwalo lalikulu la malamulo. Koma wolowa m'dzikomo popanda mapepala alibe gawo.

Dotolo amamuyesa wopemphayo, ndipo kalata yake isapitirire miyezi 3. Akuluakulu amayang'ananso chuma chake, pakuti thandizoli n'la osowa. Kulumala kwa kanthawi amakulipirira miyezi 6 kufikira 12 yokha.

Tsono akakanidwa atani? SASSA iyenera kumulembera chifukwa chake. Kalatayo aisunge bwino, pakuti ali ndi masiku 90 ochita apilo ku bwalo loima palokha loona madandaulo otere. Potero ayankhe chifukwa chenichenicho chimene anamukanira, naperekenso makalata a kuchipatala.

Chotero mbale wanu akakulemberani modandaula, yambani mwamufunsa tsiku limene analandira kalatayo.