Chifukwa Chake Namwino Amayamba Ndi Mafunso

Pa zipatala zazing'ono za kumidzi pali madandaulo aŵiri amene sakalamba. Loyamba ndi lakuti namwino amachulutsa mafunso pamene wodwala akungofuna jakisoni kuti abwerere kumunda. Lachiŵiri ndi loŵaŵa koposa: mayi walaŵira tambala woyamba, wakhala pa benchi kufikira dzuŵa lili paliwombo, kenaka aona mnzake amene wangofika kumene akuitanidwa kuloŵa. Anthu amati kumeneko ndi kukondera. Kaŵirikaŵiri sikukhala kukondera ayi, koma namwinoyo akuchita zimene anaphunzitsidwa, ndipo nkofunika kuti inu abambo ndi amayi mudziŵe maphunziro ameneŵa.

Munthu sangodzuka nkuvala yunifolomu yoyera. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene linakhazikitsidwa mu 1966, ndilo limavomereza sukulu za unamwino ndi kulemba m'kaundula onse oyenera kugwira ntchitoyi. Anamwino ambiri amene mumawapeza kumidzi anaphunzira zaka 3, ena ku sukulu za mishoni monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo ndi St Luke's ku Malosa. A digiri amatha zaka 4. Kamuzu College of Nursing inatsegulidwa mu 1979, ndipo mu 2021 inaphatikizidwa ndi College of Medicine kupanga Kamuzu University of Health Sciences.

Wophunzira amayamba ndi ntchito zooneka ngati zazing'ono: kusamba m'manja, kuyala bedi, kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda zapamsana. Koma phunziro lalikulu ndi la maso ndi makutu. Amaphunzitsidwa kufunsa, kupima, kusonkhanitsa zimene wapeza, kenaka kuganiza kuti vuto lenileni ndi liti asanagwire botolo la mankhwala. Akapereka chithandizo ayenera kubwereranso kudzaona ngati chagwira ntchito.

Titenge chitsanzo cha mwana wotentha thupi. Kwa ife tonse kutentha thupi ndi malungo basi. Namwino saloledwa kuganiza mwachidule chotero, pakuti chibayo, matenda oumitsa khosi, chikuku ndi mafinya a m'khutu zonsezi zimatenthetsa thupi. Nchifukwa chake amabaya chala kuti ayeze magazi. Nchifukwa chakenso amavula mwana malaya ndi kukhala chete mphindi yathunthu akuyang'ana pachifuŵa. Pamenepo musamuyankhule, akuŵerenga mpweya. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma maulendo 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika maulendo 40, namwino amaganizira chibayo. Kwa khanda losakwana miyezi 2 malire ake ndi 60. Akatambasula chikhatho cha mwana nkuchipeza choyera, adziŵa kuti magazi achepa. Akatsina khungu la pamimba, ilo nkuchedwa kubwerera, adziŵa kuti madzi atha m'thupi. Zonsezi sizifuna makina, ndipo mayi watcheru angathe kuziphunzira pongoonerera.

Tsono nkhani ya pamzere ija. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala ndi anamwino a ana, motsogozedwa ndi Professor Elizabeth Molyneux, anaona kuti ana ambiri amamwalira tsiku lomwe afika, ena asanaonedwe nkomwe. Anakonza njira yosankhula ana pakhomo pomwe, ndipo imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 mwa ana 100 alionse kufika pa 6 mpaka 8. Mu 2005 bungwe la World Health Organization linasindikiza maphunziro a njirayi, yotchedwa ETAT, kuti maiko ena atengereko. Ana amagaŵidwa patatu: ofunika chithandizo pompopompo, ofunika kuonedwa msanga, ndi amene angathe kudikira. Mwana wokomoka, wobanika kapena wozizira manja pamene mtima ukugunda mofooka sangayembekeze kuti mzere umufike. Amene akulira mwamphamvu nthaŵi zambiri ali bwinoko kuposa amene wangoti zii kumsana kwa amake.

Sindikunena kuti namwino aliyense ndi mngelo. Alipo ena aukali, ndipo kutopa si chifukwa chokalipira munthu wodwala. Ulemu, kusunga chinsinsi ndi kufotokozera wodwala zimene akumuchita ndi mbali ya maphunziro omwewo. Mukachitiridwa chipongwe, kanenani ku komiti ya pachipatala chanu.

Komabe nzeru za namwino zimayenda pa zimene inu mwamuuza. Ngati mwana munammwetsa kale Panado wa pagolosale, nenani, popeza mankhwalawo amatsitsa kutentha kwa thupi ndipo choyezera chikhoza kumunamiza. Ngati munayamba mwapita kwa asing'anga, nenaninso, ndi kutchula chimene anakupatsani. Amayi oyembekezera, apa ndiye musabise konse: mzamba akapanda kudziŵa kuti mwamwa mwanamphepo, sangamvetse chifukwa chake matenda akubwera mwamphamvu chotere, pamene chiberekero chikhoza kung'ambika. Masiku amene mwadwala muwatchule moona, osati kunena kuti zayamba dzulo poopa kudzudzulidwa. Buku lanu la kuchipatala musalisiye kunyumba, pakuti mmenemo ndi mmene namwino amaona zimene mnzake anapeza ulendo wapita.

Ndipo mukafika pachipatala ndi mwana amene akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, kapena sakudzuka pomugwedeza, musakhale pansi kumapeto kwa mzere chifukwa cha manyazi. Pitani molunjika kwa namwino kapena wantchito aliyense amene mwamuona, mumuonetse mwanayo.