Denga liyambe launikidwa mapanelo a sola asanagulidwe

Kuyambira pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire m'mwezi wa Januwale 2022, zomwe zinachotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino kwa nthawi yoposa chaka, mabanja ambiri m'matauni akhala akulingalira zoika magetsi a dzuwa pa nyumba zawo. Ambiri amathamangira kufunsa mitengo ya mapanelo, mabatire ndi inveta. Chomwe chimaiwalika ndi denga lodzasenza katunduyo, chonsecho ndilo limagamula ngati ndalamazo zidzapindule kapena zidzalowe m'madzi.

Choyamba kuona ndi kumene denga lapenya. Dziko la Malawi lili kummwera kwa mzere wa Equator, choncho kwa miyezi yoposa isanu ndi itatu pa chaka dzuwa la masana limadutsa chakumpoto. Mbali ya denga yopenya kumpoto ndiyo imalandira dzuwa lochuluka. Malangizo ambiri a pa intaneti ochokera ku Ulaya ndi ku North America amati mapanelo apenye kummwera. Malangizowo ndi olondola kwawoko, koma kuno ndi osokeretsa. Denga lopenya kummawa kapena kumadzulo nalonso limagwira ntchito, ngakhale magetsi ake amachepako.

Kapendekekedwe ka mapanelo kamayenderana ndi kutalika kwa malowo kuchokera ku Equator: madigiri pafupifupi 14 ku Lilongwe, 16 ku Blantyre ndi 11 kapena 12 ku Mzuzu. Kusiyana kwa madigiri ochepa sikudetsa nkhawa, koma mapanelo asagone pansi pa madigiri 10 chifukwa mvula imalephera kukokolola fumbi ndi zitosi za mbalame.

Nkhani ya mthunzi ndiyo imapusitsa anthu ambiri. Mapanelo nthawi zambiri amalumikizidwa mondondozana, kotero kuti mthunzi ukagwera pa limodzi, mphamvu ya mzere wonse imatsika. Mtengo wa mango, thanki ya madzi, chumuni, dishi ya kanema ngakhalenso nyumba yosanja ya oyandikana nawo zikhoza kudya magetsi tsiku ndi tsiku mwini wake osazindikira. Kuyang'ana denga kamodzi masana a mwezi wa Disembala sikokwanira, pakuti nthawi imeneyo dzuwa limakhala pafupifupi paliwombo ndipo mithunzi imafupika. M'mwezi wa Juni dzuwa limatsikira kumpoto: ku Lilongwe limangokwera madigiri pafupifupi 52 pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo mtengo umene unkaoneka wosavuta umaponya mthunzi wake padenga. Imeneyinso ndiyo nyengo ya chiperoni m'maboma a Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, pamene dzuwa limakhala losowa kale. Denga loyenera ndi limene limakhala poyera kuyambira 9 koloko m'mawa kufikira 3 koloko masana chaka chonse. Mtengo waung'ono wa lero uwerengeredwenso msinkhu umene udzafike zaka zisanu zikubwerazi.

Zikatero, mmisiri akwere mu siling'i ndi tochi kukaona mitanda ndi mapaso. Panelo limodzi la mawati 400 mpaka 550 limalemera makilogalamu pakati pa 20 ndi 28 ndipo limadya malo okwana masikweya mita awiri kapena kuposerapo. Mapanelo asanu ndi limodzi aakulu amalemera ngati matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50, katundu amene denga labwino limasenza mosavuta. Koma matabwa odyedwa ndi chiswe kapena oola chifukwa cha kudontha amaoneka olimba kunja pamene mkati atha. Choopsa kwambiri sikulemerako ayi, koma mphepo, yomwe imalowa kunsi kwa mapanelo ndi kuwakankhira m'mwamba. Pa chifukwa ichi zitsulo zogwira mapanelo zimangiriridwe ku mapaso, osati ku malata okha, ndipo mapanelo asafike m'mphepete mwa denga kumene mphepo imakoka mwamphamvu. M'madera a m'mbali mwa nyanja, kumene mwera umaomba kwa masiku angapo osaleka, mfundoyi siyofunika kuinyozera.

Zaka za denga nazo ziwerengedwe. Mapanelo abwino amagwira ntchito zaka 25 kapena kuposerapo. Malata a geji 32 ndi opyapyala kuposa a geji 28, pakuti nambala ikamakwera malata amapyapyala, ndipo amene ayamba kale dzimbiri sangafike zaka zimenezo. Kutsitsa mapanelo pofuna kusintha malata ndi kulipira amisiri kawiri, choncho denga lotopa likonzedwe ntchito isanayambe. Mabowo abooledwe pamwamba pa mizere ya malata, osati m'ngalande zodutsa madzi, ndipo atsekedwe ndi mphira.

Nyumba zina zakale, kuphatikizapo za boma, zinafoleredwa ndi asibesitosi. Denga lotere limasweka munthu akapondapo, ndipo fumbi lotuluka poboola limayambitsa matenda a m'mapapo kuphatikizapo khansa. Pamenepa, monganso pa nyumba ya udzu, nzeru ndi kuimika mapanelo pa zitsulo pabwalo. Ogwira ntchito m'boma amene akukhala m'nyumba za bungwe la Malawi Housing Corporation kapena za lendi ayenera kupeza chilolezo cholembedwa kwa eni nyumba asanaboole denga, ndi kumvana za chimene chidzachitike ndi katunduyo akadzasamutsidwira ku boma lina.

Ntchito yoika magetsi a dzuwa imayang'aniridwa ndi bungwe la MERA, lomwe limapereka ziphaso kwa amisiri ndi makampani. Mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha kuona chiphasocho, komanso kufunsa za waya wa ethi ndi zida zoteteza inveta ku mphenzi. Mmisiri amene akutchula mtengo wa ntchito yonse asanakwere padengalo ndi wofunika kumukayikira.