Kutsata Mapazi a Sitima ku Chigwa cha Shire

Amayi anzanga, ena mwa inu mumadutsa pa njanji tsiku ndi tsiku popita kudimba, kuchigayo kapena kutchalitchi, koma simukumbukiranso tsiku lomaliza lomwe munamva sitima ikulira. M'malo ena zitsulo zidakalipo, mbuzi zikugona pakati pake. M'malo ena munamera chimanga, ndipo mwana wobadwa dzana sangakhulupirire kuti pamenepo pankaima mabogi odzaza ndi thonje. Tiyeni tiyende limodzi pa njanji ya kummwera, tione zomwe inasiya, chifukwa zotsalirazo zikukhudza umoyo wathu mpaka lero.

Mmene njanjiyi inabwerera

Kale katundu ankalowa m'dziko muno pa sitima za pamadzi, kudzera mu Zambezi ndi Shire. Madzi a Shire akaphwa, sitimazo zinkatitimira mumchenga. N'chifukwa chake atsamunda anamanga njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo ndi Luchenza mpaka ku Blantyre. Inatsegulidwa mu 1908. Mu 1915 anaitalikitsa kufika ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi ku Mozambique, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu, utatha, sitima inayamba kuyenda kuchokera ku doko la Beira mpaka kuno popanda kuolotsa katundu pa bwato.

Kwa zaka zambiri uwu ndiwo unali msewu waukulu wa dziko lathu. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje ankakwezedwa pa Luchenza. Thonje la kuchigwa, fodya, feteleza ndi mafuta zinkadutsa momwemu. Kenaka zinthu zinayamba kusintha. Mu 1970 anatsegula njanji ina yopita ku doko la Nacala kudzera ku Nkaya ndi Nayuchi. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira, mlatho wa Dona Ana n'kuonongedwa. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pa Chiromo, pafupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire, ndipo Bangula ndi Nsanje zinadukana ndi Limbe. Sitima inkathera pa Makhanga, koma madzi a mu 2015 anadzaononganso chigawo chimenecho. Akuluakulu ananena kuti madzi saiwala khwawa.

Zizindikiro zoti muyang'ane

Pa siteshoni iliyonse yaikulu pankakhala tinjanji topatuka, topita ku nyumba zosungiramo katundu. Apa mabogi ankawasiya kuti adzazidwe pomwe sitima ikupitiriza ulendo. Timeneti ndi tomwe timayamba kufafanizika, koma munthu watcheru amatizindikira.

Yambani ndi mtumbira. Mukaona dothi lokwezeka loyenda molunjika, kapena lokhota pang'onopang'ono ngati uta, dziwani kuti si chulu kapena mzere wa m'munda. Sitima simakhota mwadzidzidzi ngati njinga. Kandani pansi ndi khasu: mukapeza miyala yophwanyidwa yofanana msinkhu, yosiyana ndi ya m'deralo, ndi ija ankayala pansi pa zitsulo. Ngati zitsulo ziwiri zidakalipo, yezani mpata wake. Njanji za kuno ndi zotalikirana mita imodzi ndi masentimita pafupifupi 7.

Yang'ananinso khonde lalitali la simenti lofika m'chiuno, lopanda nyumba pamwamba pake. Limenelo linamangidwa molingana ndi khomo la bogi kuti matumba azilowa mosavuta. Pena mupeza zipilala za thanki yomwetsera madzi sitima za malasha, makalavati a njerwa pansi pa mtumbira, kapena mzere wa tinyumba tofanana momwe munkakhala antchito a njanji. Ndipo funsani agogo. Iwo akuuzani pomwe pankaima sitima, pomwe amayi ankagulitsa nthochi ndi nzimbe pa mawindo, ndi tsiku lomwe ankakwera kupita ku Limbe.

Njanji ikafa, mayi ndiye amamva

Mwina mukufunsa kuti mzamba zamukhudza bwanji za njanji. Ife azamba timadziwa kuti mayi woyembekezera amapulumuka kapena kutayika chifukwa cha nthawi. Wina amachedwa kuganiza zopita kuchipatala, wina amachedwa panjira, wina amachedwa kulandira thandizo atafika. Njanji itaduka, kuchedwa kwa panjira kunakula.

Taganizirani anthu a ku Makhanga ndi Muona, kutsidya la kummawa kwa Shire. Chipatala cha boma cha Nsanje chili tsidya lina. Pomwe kale ankaoloka pa mlatho, anayamba kuoloka pa mabwato, pa malo omwe dzina lake lokha, Mtayamoyo, likunena zonse. Chipatala cha Trinity ku Muona ndicho chimasenza mtolo waukulu wa dera limenelo, koma nthawi ya dzinja nakonso kufikako n'kovuta. Mayi amene akutaya magazi atabereka angathe kumwalira m'maola awiri okha. Bwato la usiku, pa mtsinje wodzaza ndiponso wa ng'ona, silimudikira.

Palinso nkhani ya m'thumba. M'madera a mapiri monga Sandama ndi Thekerani, komwe misewu ndi yovuta, sitima ndiyo inali msika. Mayi ankakweza nthochi zake pa mtengo wotsika, n'kubwerako ndi sopo, mchere ndi ya fizi. Sitima ikasowa, zokolola zimaolera pakhomo kapena kugulidwa motchipa ndi mavenda. Ndalama ikachepa, ndiwo zimachepa, ndipo ife timaziona ku sikelo: ana opepuka ndi amayi ochepa magazi.

Zotsalirazo zili ndi ngozi zake

Pomanga mitumbira ankakumba dothi m'mbali mwake, ndipo maenjewo amasunga madzi mvula ikagwa. Makalavati otsekeka nawonso amachititsa zithaphwi. M'menemo mumaswana udzudzu wa malungo, komanso nkhono zofalitsa likodzo. Mwana akamakodza magazi, musati ndi kukula. Mutengereni kuchipatala, mankhwala alipo.

Ana amakonda kusewera m'mabogi akale ndi pa zitsulo zosongoka. Bala lakuya lolowa dothi limabweretsa kafumbata. Si dzimbiri lomwe limayambitsa matendawa, koma tizilombo tokhala m'dothi ndi mu ndowe. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi aukhondo, musathirepo dothi, phulusa kapena mankhwala a zitsamba, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Nanunso amayi, onani m'buku lanu la kuchipatala ngati munamaliza katemera wa kafumbata kasanu. Amateteza inu ndi khanda lomwe.

Zoti tichite m'magulu athu

Choyamba, pa msonkhano wa gulu lanu lembani amayi oyembekezera a m'mphakati mwanu amene amakhala kutsidya kwa madzi kapena kutali ndi msewu. Alimbikitseni kuyamba sikelo miyezi itatu isanathe ndi kupita kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, osadikira matenda. Ku banki mkhonde, patulani kandalama ka mayendedwe a mwadzidzidzi.

Chachiwiri, gwirizanani ndi mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo kuti mutsegule makalavati ndi kukwirira maenje omwe ali pafupi ndi nyumba.

Chachitatu, lankhulani ndi anyamata athu. Kuzula zitsulo za njanji n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale ndi mlandu, ndiponso n'kudzibera tokha. Ntchito yokonzanso njanji kuchokera ku Marka kulowera ku Bangula inayambika, ndipo chitsulo chilichonse chobedwa chimatalikitsa tsiku lomwe sitima idzafike kwanu. Musamangenso nyumba pa mtumbira, poti malowo ali ndi eni ake.

Pomaliza, mukakumana ndi khansala kapena phungu wanu, mufunseni za mlatho wa pa Chiromo. Muuzeni mayina a midzi, maola omwe mumayenda, ndi amayi omwe anaberekera panjira. Inu ndi amene mukuzidziwa bwino nkhani zimenezi, ndipo iye ayenera kuzimva kuchokera pakamwa panu.