Chifukwa Chake Eyakoni ya Chipatala Choyendayenda Imadonthabe Ikachoka ku Galaja

M'maboma otentha monga Nsanje, Chikwawa, Salima, Mangochi ndi Karonga, miyezi ya Okutobala ndi Novembala ndiyo imayesa galimoto za boma. Ku Chigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotseka imene yaima padzuwa mumatentha koposa apo. Kwa ambulansi ndi chipatala choyendayenda, makina oziziritsa mpweya, amene ambiri amangoti eyakoni, si chinthu chamwanaalirenji. Mankhwala ambiri amalembedwa kuti asungidwe pamalo osapitirira madigiri 25 kapena 30, makina oyezera magazi nawo ali ndi malire ake, ndipo mayi woyembekezera amene akuthamangira naye ku chipatala chachikulu sayenera kuwonjezeredwa ululu wa kutentha.

Dandaulo lofala ndi lakuti galimoto imapita ku galaja, ndalama zimalipiridwa, eyakoni imazizira sabata ziwiri kapena zitatu, kenaka vuto lija limabwereranso. Nthawi zina ndi madzi amene amadontha kudenga kapena kumapazi; nthawi zina ndi gasi amene amatha. Mavuto awiriwa ndi osiyana, ndipo kulephera kuwalekanitsa ndi kumene kumachititsa kuti ndalama za khonsolo zizithera pa ntchito imodzimodzi.

Makina awiri m'galimoto imodzi

Chipatala choyendayenda chimamangidwa mofanana ndi galimoto zogonamo zimene kunja amazitcha motorhome: kutsogolo kuli malo a dalaivala, kumbuyo kuli chipinda. Zambiri mwa galimoto zotere zili ndi eyakoni ziwiri. Yoyamba ndi ya kutsogolo, imene kompuresa yake imazunguzidwa ndi lamba wa injini. Yachiwiri ndi bokosi lokhala padenga, limene limayendera magetsi a jenereta kapena a m'nyumba galimoto ikaima. M'maambulansi ndi m'maminibasi ena mulibe bokosi la padenga, koma mapaipi aatali amachoka ku injini, kudutsa kunsi kwa galimoto kapena m'mbali mwa denga, kukafika kumbuyo. Wopereka lipoti ayenera kunena bwino kuti yavuta ndi iti, pakuti makaniko akhoza kukonza ya kutsogolo pamene yodwala ili padenga.

Zonsezi zimagwira ntchito mofanana. Kompuresa imapanikiza gasi, ndipo gasiyo amatentha. Akafika mu condenser, imene imafanana ndi radiyeta ndipo imakhala kutsogolo kwake, amataya kutenthako ndi kusanduka madzimadzi. Amadutsa mu drier, imene imachotsa chinyontho, kenaka pa kabowo kakang'ono kwambiri, ndi kulowa mu evaporator, m'mene amasandukanso gasi ndi kuzizira kwambiri. Fani imakankha mpweya wa m'galimoto pa evaporator yozizirayo. Gasi sapsa ngati mafuta a injini ndipo satha ndi ntchito, amangozungulira. Akachepa m'masabata ochepa, ndiye kuti penapake pabooka.

Madzi akamadontha m'kati

Eyakoni iliyonse imatulutsa madzi. Monga mame amagwira pa botolo lochokera m'firiji, chinyontho cha mumpweya chimagwira pa evaporator, chimagwera m'kathireyi, ndi kutuluka panja kudzera m'kapaipi. Chithaphwi cha madzi oyera kunsi kwa galimoto ndi chizindikiro chakuti zinthu zili bwino. Vuto limakhalapo madziwo akasowa njira yawo.

Funso loyamba ndi lakuti madziwo amadontha liti. Akamadontha tsiku lopanda mvula eyakoni ikuyaka, ndi madzi a eyakoni yomweyo. Akamadontha mvula ikugwa eyakoni ili yozima, ndi madzi akumwamba amene apeza polowera. Akakhala a mtundu wobiriwira kapena wofiirira, oterera m'zala ndi onunkhira motsekemera, ndi madzi a radiyeta ochokera ku hita, ndipo nkhaniyo ndi ya injini.

Madzi a eyakoni yomwe amasefukira pa zifukwa zingapo. Kapaipi kotulutsa madzi kamatsekeka ndi fumbi lonyowa, masamba kapena zisa zadothi za tizilombo. Pokonza zina kuseri kwa dashibodi, kapaipiko kamatha kusololoka kapena kupindika, ndipo wokonza akaiwala kukabwezera bwino, madzi amayamba kugwera pa kapeti galimoto itangochoka ku galaja. Sefa ya mpweya ikadzaza fumbi, mpweya umadutsa wochepa, evaporator imagwira madzi oundana, ndipo akamasungunuka amachuluka kuposa kathireyi. Bokosi la padenga nalo limafuna kuti galimoto iime molingana; ikapendekeka pa bwalo la sukulu kapena pansi pa mtengo, madzi amaphonya mabowo ake ndi kutsikira m'chipinda.

Za mvula, malo oyamba kukayikira ndi labala wokhala pakati pa bokosi ndi denga. Mabokosi ambiri amakhala pa bowo la makona anayi la masentimita 36 kapena 40 mbali iliyonse, ndipo amagwidwa ndi mabauti anayi omangira m'kati. Labalayo amafuna kupanikizika mofanana mbali zonse, pafupifupi mpaka theka la kukhuthala kwake. Mabauti akakhwepa ndi kugwedezeka kwa m'misewu ya fumbi, madzi amalowa. Akamangidwa mopitirira, labala amaphwanyika osabwereranso, ndipo madzi amalowabe. Bokosi likachotsedwa, labala wakale sabwezeredwa, pamafunika watsopano. Kumata silikoni mozungulira bokosi kumangobisa vuto, ndipo nthawi zina kumatseka mabowo amene madzi amayenera kutulukira.

Madzi a padenga sayenera kuchedwetsedwa. Denga la galimoto zotere limakhala ndi matabwa kapena zotchingira kutentha m'kati mwake, ndipo zikanyowa zimawola, zimachita chuku ndi kuwononga mawaya. Denga likayamba kubwafuka, bokosi limakhala m'chithaphwi, ndipo ngakhale labala watsopano sathandizanso.

Gasi akamathanso

Chifukwa chachikulu chimene gasi amatheranso ndi chakuti adangowonjezeredwa popanda kupeza pobooka. Kutero ndi kutungira madzi m'dengu. Galimoto imachoka ikuzizira, wolandira amakhutira, koma bowo lili pomwepo.

Ngakhale pamene ntchito idagwiridwa, pali zina zimene zimabwezera vuto. M'makina okalamba mabowo amakhala angapo. Lalikulu likatsekedwa, mphamvu ya gasi imakwera ndipo laling'ono limaonekera. Timalabala tozungulira tokhala polumikizira mapaipi timafuna kusinthidwa nthawi iliyonse pamene pamasulidwa, ndipo tiyenera kukhala ta mtundu wopirira gasi ndi mafuta a eyakoni. Timavavu tothirira gasi, tofanana ndi ta matayala, timatha kutsala tosatsekeka bwino mapaipi a makaniko akachotsedwa, makamaka zivindikiro zake zikasowa. Drier ikasiyidwa yakale makina atakhala otsegula, chinyontho chimatsala m'kati, chimasakanikirana ndi mafuta ndi kuyamba kudya zitsulo. Gasi akathiridwa wochuluka kuposa muyeso, kapena fani ya condenser ikafooka, mphamvu imakwera mopitirira ndi kukankha malo ofooka.

Palinso malo obisika. Evaporator ya kutsogolo ili kuseri kwa dashibodi, ndipo kuifikira ndi ntchito ya maola ambiri, motero imakonda kusiyidwa. Mapaipi opita kumbuyo amakhulana ndi zitsulo zowagwira, amagundidwa ndi miyala, ndipo matope akamatirira amawadya pang'onopang'ono. Condenser imabooledwa ndi timiyala ta m'misewu. Labala wa pa shafiti ya kompuresa amauma eyakoni ikakhala miyezi yosayatsidwa, monga zimachitikira m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi.

Bokosi la padenga ndi losiyana. Ambiri amatsekedweratu ku fakitale ngati firiji, alibe pothirira gasi, ndipo gasi wake si wofanana ndi wa kutsogolo. Likasiya kuziziritsa, choyamba ndi kuona sefa, fani ndi mphamvu ya magetsi a jenereta. Likakhala kuti labookadi, ntchitoyo ndi ya mmisiri wa mafiriji, ndipo nthawi zina kugula lina kumatchipa kuposa kulikonza kawiri.

Mmene bowo limapezekera

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchitoyi ndi yotero. Mmisiri wabwino amayamba ndi maso: gasi akamatuluka amatenga mafuta pang'ono, choncho malo onyowa mafuta amene agwira fumbi pa paipi kapena pa condenser amaloza bowo. Kenaka amakoka gasi wotsala ndi kumusunga m'silinda, amathira nitrogen wouma, amalemba muyeso wa geji, ndi kusiya galimoto kwa maola angapo, ngakhale usiku wonse. Muyeso ukatsika, amafufuza ndi thovu la sopo kapena ndi kachipangizo konunkhiza gasi. Pa mabowo aang'ono kwambiri amathira utoto wapadera umene umawala pa nyali ya UV, galimoto imagwira ntchito masiku angapo, kenaka imaunikidwanso. Utoto ukapezeka m'madzi otuluka m'kapaipi kaja, ndiye kuti yabooka ndi evaporator.

Magalaja ena amangokoka mpweya ndi pampu, amaona kuti geji yaima kwa mphindi zochepa, ndi kunena kuti palibe bowo. Kuyesa kotere sikukwanira. Pokoka mpweya, mphamvu yokankha siposa 1 bar, ndipo imakankhira m'kati, mwina kutseka kamng'alu kwa kanthawi. Makina akamagwira ntchito tsiku lotentha, mbali ya condenser imapitirira 15 bar, ndipo mphamvuyo imakankhira kunja. Kukoka mpweya kuli ndi ntchito yake, yochotsa chinyontho bowo litatsekedwa kale, ndipo kumafuna pafupifupi theka la ola kapena kuposa. Pomaliza gasi amathiridwa pa sikelo, molingana ndi magalamu olembedwa pa chikwangwani cha kunsi kwa boneti. Galimoto yokhala ndi evaporator ya kumbuyo imafuna wochuluka kuposa yopanda.

Zinthu zitatu siziyenera kuloledwa. Kuyesa ndi okosijeni wowotcherera kukhoza kuphulitsa makina, pakuti okosijeni wopanikizidwa sagwirizana ndi mafuta. Kuthira gasi wophikira m'malo mwa gasi wa eyakoni kumaika moto pafupi ndi odwala, makamaka mu ambulansi yonyamula silinda ya okosijeni. Mankhwala a m'chitini amene amati amatseka mabowo amatha kutseka kabowo kopita ku evaporator ndi kuwononga zipangizo za galaja.

Gasi wotayika ndi nkhani ya chilengedwenso. Galimoto zambiri zili ndi R134a, amene adalowa m'malo mwa R12 m'zaka za m'ma 1990 potsatira Pangano la Montreal la 1987. R134a sawononga ozoni, koma kilogalamu imodzi imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu pafupifupi 1,430 a mpweya wa kaboni, ndipo ndi chifukwa chake mayiko adagwirizana ku Kigali mu 2016 kuti achepetse magasi a mtunduwu. Galimoto zatsopano zambiri zili ndi R1234yf, wodula kwambiri, ndipo awiriwa sasakanizidwa.

Udindo wa ofesi yoona za galimoto

Mbali yaikulu ya vutoli imathetsedwa papepala. Chikalata chotumizira galimoto ku galaja chisamangoti eyakoni ikonzedwe; chizinena chimene chikuchitika, nthawi imene chimachitika, ndi tsiku limene gasi adathiridwa komaliza. Pobweza galimoto, galaja ilembe malo amene idapeza bowo, njira imene idayesera, zipangizo zimene idasintha, mtundu wa gasi ndi magalamu ake, ndipo zipangizo zakale zibwezedwe. Mgwirizano unene nthawi imene galaja idzakonzanso mwaulere ngati vuto lomwelo labwerera. Invoisi yongonena kuti gasi wathiridwa ndi umboni wakuti bowo silidafufuzidwe. Posankha galaja, komiti yogula zinthu ifunse ngati ili ndi nitrogen, sikelo, ndi mmisiri amene adaphunzira za mafiriji ndi eyakoni, monga amaphunzitsira m'makoleji a ntchito zamanja.

Wolandira galimoto aike chipangizo choyezera kutentha pa bowo lotulukira mpweya, alembe muyeso wake, ndipo ayezenso patatha sabata ziwiri pa ola lomwelo. Za denga, athire madzi ndi paipi kwa mphindi zingapo mnzake ali m'kati. Galimoto ikabwerera kachitatu ndi vuto lomwelo, ndi bwino kuipereka kwa mmisiri wina pamodzi ndi mbiri yonse ya zimene zidachitika kale.

Dalaivala naye ali ndi gawo lake: kuyatsa eyakoni mphindi khumi sabata iliyonse ngakhale kukuzizira, kutsuka sefa kawirikawiri m'nyengo ya fumbi, kutsuka condenser ndi madzi osathamanga kwambiri, kuimika galimoto pamalo olingana, ndi kulemba m'buku la ulendo tsiku limene kuzizira kudayamba kuchepa. Eyakoni ikasiyiratu kuziziritsa, aizime, pakuti gasi ndiye amayendetsa mafuta a kompuresa, ndipo kompuresa ndi chipangizo chodula koposa zonse.

Nthawi yabwino yoyesa gasi ndi Ogasiti ndi Seputembala, kutentha kusanafike pachimake, ndipo labala wa padenga aonedwe mvula yoyamba isanagwe. Galimoto ikagona ku galaja usiku umodzi pa nthawi imeneyi, midzi yakutali sidzasowa sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera m'miyezi imene chipatala choyendayenda chimafunika kwambiri.