Magetsi a galimoto: kuyeza kaye, kugula pambuyo

MZUZU: Eni galimoto a ku Geisha ndi madera ena a mumzinda wa Mzuzu nthawi zina amataya ndalama zambiri pogula batire, sitata kapena alternator yatsopano pamene vuto lenileni lili pa waya womasuka, mutu wa batire wochita dzimbiri kapena fyuzi yopsa. Kwa wogwira ntchito m'boma amene anagula galimoto yake pangongole, kugula chipangizo chosafunikira kungathe kumeza gawo lalikulu la malipiro a mwezi, galimoto n'kukhalabe chiimire pakhomo.

Nyengo ya mzindawu ndi imodzi mwa zinthu zimene zimabweretsa mavuto otere. Mzuzu ali pamwamba pa mapiri a Viphya, pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Mvula imagwa yambiri kuyambira mwezi wa Disembala mpaka Epulo, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye kumachita nkhungu ndi mvula yowaza. Chinyontho chotere chimalowa m'malo olumikizira mawaya n'kuyambitsa dzimbiri. Misewu yadothi yolowera m'makomo nayo imagwedeza galimoto tsiku ndi tsiku mpaka mabawuti ndi mapulagi kumasuka.

Kuonjezera apo, galimoto zambiri za mumzindawu, monga Toyota Sienta, Vitz, Passo, Probox, Nissan Note ndi Honda Fit, n'zogwiritsidwapo kale ntchito m'dziko la Japan. Zimatsikira padoko la Dar es Salaam ku Tanzania, n'kulowa m'dziko muno kudzera pachipata cha Songwe m'boma la Karonga, kenako n'kukwera chikweza cha Chiweta pamsewu wa M1. Pofika ku Mzuzu, batire lake limakhala lakale ndipo latha masabata angapo pasitima yapamadzi lisakulandira mphamvu.

Kuyambira pa batire

Magetsi a galimoto ali ndi mbali zitatu zikuluzikulu. Batire limasunga mphamvu, sitata imagwiritsa ntchito mphamvuyo pozungulitsa injini kuti ilire, ndipo alternator imabwezera mphamvu m'batire injini ikamayenda. Mawaya, mafyuzi ndi ma-relay ndiwo amalumikiza zonsezi. Chifukwa choti mbali imodzi ikafooka zinazo zimaoneka ngati zafa, kufufuza vuto kumayenera kutsata ndondomeko, kuyambira pa chinthu chosavuta ndi chotsika mtengo.

Chida chofunika pantchitoyi ndi mita yoyezera magetsi yotchedwa multimeter, imene mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi batire latsopano. Batire la galimoto yaing'ono lili ndi zipinda 6, ndipo likadzaza limaonetsa mavoliti pafupifupi 12.6 injini ili yozima. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala ndi theka la mphamvu, ndipo likatsika kupitirira 12 ndiye kuti latsala pang'ono kutheratu. Pamene woyendetsa akuliza injini, mlingowo suyenera kutsika kupitirira mavoliti 9.6. Ukatsika kwambiri pa batire lomwe langodzazidwa kumene, batirelo lakalamba.

Injini ikalira, mita iyenera kuonetsa mavoliti apakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikangokhala pa 12 ndiye kuti alternator sikubwezera mphamvu, koma ngakhale pamenepa ndi bwino kuona kaye lamba woizungulitsa, chifukwa lamba womasuka kapena wotha amaterereka. Mlingo ukapitirira mavoliti 15, kachipangizo kolamulira mphamvu kaonongeka, ndipo batire limatentha n'kuuma madzi, mababu n'kumapsa pafupipafupi.

Phokoso lomveka potembenuza kiyi nalo limalozera komwe kuli vuto. Kugogoda kofulumira kobwerezabwereza, nyali za pa dashibodi zikuthimathima, kumasonyeza batire lofooka kapena mitu yake yomasuka. Kugogoda kamodzi kokha nyali zili zowala bwino kumaloza ku sitata kapena waya wake wamkulu. Kukakhala zii, malo oyamba kuona ndi fyuzi, relay, kiyi, komanso giya, popeza galimoto yosintha yokha magiya silira ngati giyayo sili pa P kapena N.

Waya amene amaiwalika kawirikawiri ndi wa earth, wochoka ku mutu wa batire wa chizindikiro chochotsera kupita ku chitsulo cha galimoto ndi injini. Magetsi onse amabwerera ku batire kudzera m'njira imeneyi. Pamene wamangidwa pakachita dzimbiri, nyali zimachita chizimezime, injini imazungulira mwaulesi, ndipo indiketa ikayatsidwa nyali ina yosakhudzidwa imaphethira nawo. Mankhwala ake ndi kumasula, kupala mpaka chitsulo chiwale, n'kumanganso zolimba. Ufa woyera kapena wobiriwira wa pamitu ya batire umachoka ndi madzi osungunuliramo soda wophikira.

Batire lotha usiku

Dandaulo lina lofala ndi la batire lomwe limagona lodzaza koma n'kudzuka lopanda mphamvu. Apa pamakhala chipangizo chimene chikukoka magetsi galimoto itazimitsidwa. Galimoto yabwinobwino imakoka mamiliampu osapitirira 50 ikatsekedwa n'kupuma kwa mphindi zingapo. Makaniko wodziwa ntchito amalumikiza mita pakati pa batire ndi waya wake, n'kumazula mafyuzi imodzi ndi imodzi mpaka mlingo utatsika. Fyuzi imene yatsitsa mlingowo ndiyo imaulula njira yomwe ili ndi vuto.

Nthawi zambiri wakuba magetsiyo amakhala chipangizo choikidwa galimoto itafika kale kuno. Wailesi za m'galimoto zakale za ku Japan zimagwira kuyambira pa 76 mpaka 90 MHz, pamene nyumba zoulutsira mawu za m'dziko muno zili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Kaamba ka ichi, eni ake amasintha wailesi kapena kuikitsa kachipangizo koonjezera. Ena amaikitsa alamu, zokuzira mawu ndi nyali zoonjezera. Mawaya akangopotedwa ndi manja n'kukulungidwa ndi tepi, m'nyengo ya mvula ndi pomwe shoti imayambira. Makoswe nawonso amatafuna mawaya a galimoto yoima nthawi yaitali pafupi ndi nkhokwe kapena tchire.

Kuima nthawi yaitali pakokha kumapha batire, monga anaonera eni galimoto pa nthawi ya kusowa kwa mafuta m'zaka za 2011 ndi 2012. Batire lokhala masabata ambiri lili lopanda mphamvu limaonongeka mkati ndipo silidzazanso bwino. Izi zikukhudzanso galimoto za m'maofesi zimene zimaimikidwa podikira ndalama zokonzetsera: vuto limodzi laling'ono limabala lachiwiri. Maulendo afupiafupi, monga kuchoka ku Geisha kupita kuntchito m'tauni nyali ndi zopukutira galasi zili zoyatsa, nawonso sapatsa alternator mpata wokwanira wobwezera mphamvu.

Zizolowezi zoononga

Pali zizolowezi ziwiri zimene zimasandutsa vuto laling'ono kukhala lalikulu. Choyamba ndi kuika waya wamkuwa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu m'malo mwa fyuzi yopsa. Fyuzi inapangidwa kuti idzipsa m'malo mwa mawaya. Mtundu wake umasonyeza mphamvu: yofiira ndi ya ma-amp 10, yabuluu 15, yachikasu 20 ndipo yobiriwira 30. Kuika yamphamvu kuposa yoyenera kumachititsa kuti mawaya atenthe, ndipo moto wa galimoto umayamba motero. Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali shoti yofunika kuisaka.

Chachiwiri ndi kuchotsa mutu wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternator ikugwira ntchito. Njira imeneyi inazolowereka pa galimoto zakale zopanda kompyuta. Pa galimoto zamakono, mphamvu imalumpha mwadzidzidzi ndipo ingathe kuotcha kompyuta ya injini, chomwe ndi chimodzi mwa zipangizo zokwera mtengo kwambiri. Pochotsa batire, injini izimitsidwe ndipo waya wa chizindikiro chochotsera ndiye ayambe kumasulidwa. Pobwezera, iyeyo akhale womaliza.

Galimoto zamakono zili ndi pulagi ya mabowo 16 pansi pa chiongolero, yolumikizira makina owerenga zovuta za injini. Dongosololi, lotchedwa OBD-II, linakhala lamulo ku America kuyambira m'chaka cha 1996 ndipo linafalikira m'maiko ena. Komabe nambala imene makinawo amatulutsa imangoloza dera la vuto. Mwachitsanzo, P0562 imatanthauza kuti mphamvu ya magetsi yatsika, koma siinena ngati cholakwa ndi batire, lamba kapena waya. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kuyeza kumafunikabe.

Chenjezo lapadera lili pa galimoto za hybrid monga Toyota Aqua ndi Prius. Mawaya ake a mtundu wa lalanje amanyamula mavoliti oposa 100, okwanira kupha munthu. Woyenera kuwagwira ndi yekhayo amene anaphunzira ntchitoyi. Maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, ndipo mumzindawu muli sukulu ya Mzuzu Technical College. Mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa makaniko komwe anaphunzira, komanso kupempha kuona zomwe mita yaonetsa asanatulutse ndalama.

Galimoto zaliwiro: za pamsewu ndi za pabwalo

Mavuto onsewa amakula pa galimoto zaliwiro, zimene ena amakopeka nazo poona kutsika mtengo kwake pa intaneti. Injini zake zimadalira masensa ambiri ndi makompyuta olamulira mafuta, mabuleki ndi kagwiridwe ka matayala, kotero waya mmodzi wadzimbiri angathe kuyatsa nyali zingapo zochenjeza nthawi imodzi. Wofuna kugula ayenera kudziwa kaye kuti galimotozi zili m'magulu osiyana.

Gulu loyamba ndi la galimoto zapamsewu zokhala ndi injini yamphamvu, monga Toyota Altezza, yomwe inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, ndi Toyota Mark X, ya 2004 mpaka 2019. Zili ndi zitseko zinayi, zimanyamula banja, ndipo zipangizo zake zina zimafanana ndi za galimoto zina za Toyota.

Gulu lachiwiri linabadwira m'mipikisano ya m'misewu yafumbi. Subaru Impreza inapatsa kampani yake chikho cha dziko lonse m'zaka za 1995, 1996 ndi 1997, pamene Tommi Mäkinen wa ku Finland anapambana zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1996 mpaka 1999, pa Mitsubishi Lancer Evolution. Galimotozi zimakoka ndi matayala onse anayi, chomwe chimathandiza pamsewu woterera. Mipikisano yotere ili ndi mbiri yaitali mu Africa: Safari Rally ya ku Kenya inayamba m'chaka cha 1953, ndipo Satwant Singh wa ku Zambia anakhala katswiri wa Africa kangapo. Komabe zimene zimagulitsidwa kwa anthu wamba n'zotsika kuposa za mpikisano, ndipo injini zake za turbo zimafuna oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake.

Gulu lachitatu ndi lopangidwira kukhota mwaliwiro pa phula losalala, monga Mazda MX-5 yomwe inatuluka mu 1989, Toyota 86 ya 2012, Nissan GT-R ya 2007 ndi Porsche 911 GT3. Kwawo kwenikweni kwa zamphamvu kwambiri mwa izi ndi mabwalo monga Kyalami pafupi ndi Johannesburg, komwe mpikisano wa Formula One unachitika komaliza mu 1993, kapena Nürburgring ku Germany, bwalo lotalika makilomita oposa 20.

Chimene chimapambanitsa galimoto pabwalo ndi chomwenso chimaivutitsa pamsewu wamba. Toyota 86 inatalikira pansi ndi masentimita pafupifupi 13 okha, pamene Land Cruiser imaposa 20. Galimoto yotsika chonchi imakhula mimba pa zitunda zochepetsa liwiro ndi m'misewu yokumbika ndi mvula, ndipo mawaya ndi masensa apansi amayandikira madzi ndi matope. Matayala ake opyapyala m'mbali amaphulika kapena kupinditsa limu akagwera m'dzenje. Masipuling'i olimba amagwedeza malumikizidwe onse a magetsi. Zambiri mwa injinizi zinapangidwira petulo wapamwamba wa ku Japan, pamene bungwe la MERA limalengeza mtengo wa petulo wa mtundu umodzi. Msonkho wa bungwe la MRA nawo umakwera malinga ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimoto.

Liwiro lenilenilo lilibe poligwiritsa ntchito. Ulendo wa makilomita oposa 350 wochoka ku Mzuzu kupita ku Lilongwe umadutsa m'nkhalango ya Chikangawa, momwe nkhungu imabisa msewu, ndipo m'mbali mwake mumayenda anthu, njinga ndi ziweto. Malamulo a pamsewu a m'chaka cha 1997 sasiyanitsa galimoto yaliwiro ndi galimoto yaing'ono wamba, ndipo popereka chiphaso cha COF a nthambi yoona za pamsewu amayang'ana nyali, hutala, mabuleki ndi matayala.

Pali phunziro limodzi limene galimoto za mpikisano zimapereka kwa mwini Sienta kapena Vitz wa ku Geisha. Okonza galimotozo amamanga batire kuti lisagwedezeke, amatseka malumikizidwe kuti madzi asalowe, amadutsitsa mawaya kutali ndi malo otentha kapena akuthwa, ndipo amaunika zonse mpikisano usanayambe. Zinthu zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Kuunika mitu ya batire, waya wa earth, lamba ndi mafyuzi mvula isanayambe mu Novembala, komanso kuzizira kusanafike mu Meyi, kungathe kupulumutsa mwini galimoto ku ngongole yogulira chipangizo chomwe sichinafe.