BULUGAMU NDI FUNGO LACE

Lero tikambe za bulugamu.

Mtengo uwu ndi mlendo pakati pathu. Kwao ndi ku Australia, kumene kuli mitundu yace yoposa 700. Unabzalidwa kwambiri ku Copperbelt cifukwa umakula msanga ndiponso moongoka, ndipo migodi inafuna mitengo yocirikizira pansi pa nthaka.

Thyolani tsamba limodzi, mulipenye padzuwa. Mudzaona timadontho towala tambirimbiri. M'timadonthomo muli mafuta, ndipo m'mitundu yambiri fungo lamphamvu lija licokera ku mankhwala ochedwa cineole. Mtengo sunapangire ife mafutawa ai. Ndiwo cida cace copirikitsira tizirombo ndi nyama zofuna kudya masamba ace.

Amai akawiritsa masambawa, namfunditsa wodwala cimfine kuti apume nthunzi yace, mphuno zimamveka ngati zatseguka. Ambiri anatero m'caka ca 2021, pa mliri wa Covid-19. Koma nthunziyo imangopepuza, siipha matenda. Ndipo mafuta a m'botolo, amene ali aukali koposa, muwaike patali ndi ana, pakuti mwana akamwa ngakhale pang'ono angathe kukomoka.

Cinanso, bulugamu ndi cidakwa ca madzi. Mukambzala pafupi ndi citsime kapena munda, cimanga cidzafota iye ali kusangalala. Masamba ace ouma amayaka msanga m'mwezi wa October. Musawasiye aunjikane kuseri kwa nyumba.