Dongo la ku Chambe ndi Zipangizo za Magetsi

Awerengi athu ayenera kudziwa chimene chinakopa bungwe la JOGMEC la ku Japan kudzafufuza dongo la ku Chambe, pa Phiri la Mulanje, mu 2011. M'dongomo muli zitsulo zosowa zotchedwa rare earths. Amisiri amatapako pang'ono chabe, monga mchere wa m'ndiwo, nasakaniza ndi ufa wa barium titanate, nawotcha monga mbiya. Chotulukapo ndicho capacitor, kachipangizo konga njere ya mchenga, kosunga mphamvu ya magetsi m'wailesi ndi m'lamya. Zitsulozo ndizo zimakalimbitsa kuti kasafooke msanga ndi kutentha.

Komatu mtsinje wa Likhubula, umene madzi ake akumwedwa ku Blantyre chiyambire 2019, umatsika m'phiri lomwelo, ndipo mu 2025 UNESCO inaliika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Tsono wofuna kukumba ku Chambe adzayamba wayankha Boma za madziwo.